PAUL ROBESON: WOSEWERA AMENE ANAFUNA KUKHALA MWINI NKHANI

Ambiri a inu, omvera, mwaonerapo kanema. Munthu akaona mnyamata wa pa kavalo alikuthamangitsa mbala pa cinsaru coyera cija, amayesa kuti mnyamatayo ndiye mwini nkhani yonse. Koma wosewera m'kanema afanana ndi woumba njerwa: iye aumba cabe, ndipo maonekedwe a nyumba sawadziwa kufikira amisiri atatha kumanga. Lero tikambe za munthu wakuda wa ku America, dzina lace Paul Robeson, amene anaphunzira cinthu cimeneci mwa njira yowawa, ndipo cinasintha moyo wace wonse.

Paul Robeson anabadwa pa 9 April 1898 m'mudzi wa Princeton, m'cigawo ca New Jersey. Atate ace, a William Drew Robeson, anabadwira muukapolo ku North Carolina, nathawa m'caka ca 1860 ali mnyamata wa zaka 15. Anaphunzira sukulu mpaka anakhala mbusa wa mpingo wa Presbyterian ku Princeton komweko. M'caka ca 1901 anacotsedwa pa ubusawo, ndipo kuti ana adye, mbusa uja anayamba nchito yoyendetsa ngolo ndi kuola phulusa m'nyumba za anthu. Patapita zaka zitatu amace a Paul anafa ndi moto umene unagwira zobvala zao kucokera pa mbaula. Motero mwanayo anakulira m'manja mwa atate ace, amene anamphunzitsa kulankhula momveka pamaso pa anthu ndi kusakhutira ndi nchito yosatha bwino.

M'caka ca 1915 Paul anapambana mayeso namlowetsa ku koleji ya Rutgers mwaulere. Iye anali munthu wakuda wacitatu kuphunzira kumeneko ciyambire. Pamene anafuna kulowa m'gulu la mpira wa ku America, umene anthu amagwetsana ndi mphamvu, anzace omwe anamthyola mphuno namgulula phewa pomuyesa. Sanaleke ai. M'zaka za 1917 ndi 1918 anawerengedwa pakati pa akatswiri a mpirawo m'dziko lonse, ndipo potsiriza maphunziro mu 1919 ndiye anasankhidwa kulankhula mau otsazika m'malo mwa anzace onse. Pambuyo pace anapita ku Columbia, m'mzinda wa New York, kukaphunzira malamulo, natsiriza mu 1923. Ali komweko anakwatira Eslanda Goode, mkazi wophunzira amene pambuyo pace ndiye anasunga mabuku ndi mapangano a nchito ya mwamuna wace.

Nchito ya uloya sinamkhalitse. Mu ofesi imene analowa, mlembi wina wacizungu anakana kulemba makalata onenedwa ndi munthu wakuda, ndipo Robeson anaona kuti m'njira imeneyo sadzafika patali. Anatembenukira ku masewero a pa nsanja. Mu 1924 anasewera m'masewero awiri a mlembi Eugene O'Neill. M'limodzi la iwo mkazi wacizungu anayenera kupsompsona dzanja lace, ndipo kanthu kakang'ono kameneko kanautsa mkwiyo waukuru, kotero kuti makalata oopseza anafika kwa eni sewero. Caka cotsatira, pamodzi ndi woyimba piyano Lawrence Brown, anacita msonkhano wa nyimbo ku New York umene munalibe nyimbo zina koma za anthu akuda zokha, makamaka nyimbo zauzimu zimene akapolo anali kuyimba m'minda ya thonje. Liu lace linali lakuya ngati ng'oma yaikuru, ndipo mbale zace za galamafoni zinafika m'maiko ambiri.

Mu 1928 anapita ku London kukayimba m'sewero la Show Boat, nakhala ku England pafupi-fupi zaka khumi. Mu 1930 anasewera Othello, sewero la William Shakespeare lonena za kazembe wa nkhondo wakhungu lakuda. Kwa zaka zambiri-mbiri Azungu ndiwo anali kusewera mbali imeneyi atadzipaka mankhwala akuda kumaso, ndipo munthu wakuda amene anadziwika nayo kale ku England anali Ira Aldridge, wa m'zaka za m'ma 1800.

Ku London ndiko Robeson anakomana ndi Africa. Anadziwana ndi ophunzira ocokera ku West Africa ndi East Africa, ndi amalinyero akuda a pa madoko. Mu 1934 analembetsa pa sukulu ya zinenero ya yunivesite ya London kuti aphunzire Ciswahili. Anali ndi cikhulupiriro cakuti nyimbo za makolo ace a ku America zinali ndi mizu m'nyimbo za mu Africa, ndipo anafuna kuti dziko lonse lidziwe kuti anthu a mu Africa ali ndi zinenero zolemera ndi miyambo yoyenera ulemu.

Cifukwa ca ici, pamene abale awiri opanga kanema, Alexander ndi Zoltan Korda, anampempha kuti asewere m'cithunzi ca Sanders of the River, anabvomera ndi mtima wonse. Zoltan Korda anali atayenda mu Africa najambula magule, nyimbo ndi midzi, ndipo Robeson ataona zimenezi anayesa kuti nthawi yafika yoonetsa Africa monga aliri. Iye anasewera mbali ya mfumu Bosambo. Zambiri za mbali yaceyo zinajambulidwa ku England komweko, ndipo pakati pa anthu akuda olembedwa ganyu kuti adzaze bwalo panali wophunzira wina wa ku Kenya, Jomo Kenyatta, amene mu 1964 anakhala Pulezidenti woyamba wa dziko lace.

Pano tiyenera kumvetsa kapangidwe ka kanema. Cithunzi sicijambulidwa kuyambira poyamba kufikira potsiriza monga ticionera ife. Amajambula zidutswa-zidutswa, lero ca kumapeto, mawa ca pakati, ndipo wosewera akatha mbali yace amalandira ndalama napita kwao. Pa masiku amenewo, kujambula kutatha, anthu ena anali kukhala pansi ndi lumo, nadula filimu, nataya zina, nalumikiza zotsala monga afunira mwini cuma. Angathe kuonjezapo mau olembedwa poyamba, kapena kujambula zidutswa zatsopano. Munthu amene anawerama pamaso pa mnzace mwaulemu angaoneke ngati wogwada mwamantha, malinga ndi cimene aika patsogolo ndi pambuyo pace.

Ndi zimene zinacitika. Pamene cithunzico cinaturuka mu 1935, Robeson anapeza kuti nkhani yace yakhala yotamanda bwanamkubwa wacizungu, Sanders, amene popanda iye anthu akuda sangakhale mwamtendere ngakhale mwezi umodzi. Ndipo Bosambo anaoneka monga kapitao wokhulupirika wa bwanayo. Cithunzico cinapindula ndalama zambiri, koma ophunzira a mu Africa okhala ku London anamdzudzula Robeson kolimba, ndipo iye sanadzikanire. Anabvomera poyera kuti analakwa, nacikana cithunzico masiku onse a moyo wace. Akulu anati, cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sanaleke kanema nthawi yomweyo. Anayesa njira yina: m'pangano la cithunzi ca Song of Freedom, ca mu 1936, analembetsa kuti iye akhale ndi mau pa kadulidwe kotsiriza. M'menemo anasewera monga wanchito wa pa doko la London amene azindikira kuti makolo ace anali mafumu mu Africa. Mu 1937 anasewera Umbopa mu King Solomon's Mines. Koma cithunzi cimene iye mwini anakondwera naco koposa cinali The Proud Valley, ca mu 1940, conena za munthu wakuda wolandiridwa ndi okumba malasha a ku Wales, amene agwira nao nchito, nayimba nao, nafa m'mgodi populumutsa anzace. M'menemo munthu wakuda anali wanchito wamba pakati pa anchito anzace, wosaseketsa anthu ndi wosagwadira munthu.

Nkhondo itayamba mu 1939 anabwerera ku America. Mu 1942 anasewera m'cithunzi ca ku Hollywood, Tales of Manhattan, ndipo m'menemo anthu akuda a kumidzi anaonetsedwanso ngati ana opanda nzeru. Pamenepo analengeza kuti waleka. Cimeneco cinali cithunzi cace cotsiriza monga wosewera, ali ndi zaka 44 zokha, pa nthawi imene dzina lace likadamlemeretsa kwambiri. Anabwerera ku nsanja, kumene palibe lumo pakati pa wosewera ndi oonerera. Othello wace wa ku New York, woyamba mu 1943, anaonetsedwa nthawi 296, kuposa sewero lina liri lonse la Shakespeare pa Broadway.

Kuyambira pamenepo anagwiritsa nchito liu lace pa nkhani zimene anazisankha yekha. Anali mmodzi wa oyambitsa bungwe la Council on African Affairs, limene ciyambi cace cinali mu 1937, ndipo pambuyo pace anakhala wapampando wace. Bungwelo linatumiza cakudya ndi ndalama ku South Africa pa njala ya mu 1946, ndipo mu 1952 linasonkha ndalama zothandiza anthu omangidwa kumeneko cifukwa cokana malamulo a tsankho. Mu 1946 Robeson anakaonana ndi Pulezidenti Harry Truman kukapempha lamulo loletsa magulu a anthu kupha anthu akuda popanda mlandu, koma lamulolo silinapangidwe pa nthawi imeneyo.

Mtengo wace unali waukuru. Robeson anali atapita ku Russia koyamba mu 1934, ndipo popeza kumeneko sanamcitire tsankho, analikonda dzikolo nalitamanda poyera. Itatha nkhondo, America ndi Russia anakhala pa udani, ndipo munthu wotamanda Russia anayesedwa mdani. Mu April 1949 analankhula pa msonkhano ku Paris, ndipo manyuzipepala a kwao analemba kuti wanena kuti anthu akuda sadzamenyera nkhondo America. Mu September caka comweco, atatha kuyimba pafupi ndi mudzi wa Peekskill, magulu a anthu anaponya miyala pa magalimoto a omvera, napweteka anthu oposa 100. Mu 1950 boma linamlanda pasipoti. Eni nyumba za nyimbo anamtsekera zitseko, masitolo analeka kugulitsa mbale zace, ndipo dzina lace linacotsedwa ngakhale m'mabuku ena a akatswiri a mpira.

Komabe anapeza njira zoti amveke. Pa 18 May 1952, ataletsedwa kulowa m'Canada, anaima pa lole m'malire mweni-mweni mwa maiko awiriwo, nayimbira zikwi za anthu a mbali zonse ziwiri. Mu 1957 anayimbira okumba malasha a ku Wales, osonkhana ku Porthcawl, kupyolera pa lamya ya pansi pa nyanja, iye ali ku New York. Mu 1956 komiti ya nyumba ya malamulo inamfunsa cifukwa cace sanakhale ku Russia. Anayankha kuti atate ace anali kapolo, kuti anthu a mtundu wace anafa pomanga America, ndi kuti iye adzakhala momwemo ndi kulandira gawo lace monga wina ali yense.

Mbiri yoona siibisa cirema ca mwini wace. Munthu yemweyu, amene anakana kuti nkhope yace inamize dziko za Africa, anakhala cete pa zoipa za boma la Stalin. Mwana wace anasimba pambuyo pace kuti mu 1949, ku Moscow, Robeson anaonana ndi bwenzi lace Itzik Feffer, mlembi wa ndakatulo Waciyuda, nazindikira kuti ali m'manja mwa apolisi ndi kuti Ayuda ena ophunzira alikuzunzidwa. Pobwerera ku America sanaulule zimenezi. Feffer anaphedwa mu 1952, caka comwe Robeson anapatsidwa mphotho ya mtendere ya dzina la Stalin. Ngakhale mu 1956, pamene Nikita Khrushchev anaulula zoopsa za Stalin, Robeson sanatsutse poyera. Iye anaganiza kuti kudzudzula Russia ndiko kupatsa mphamvu adani a anthu akuda. Koma potero dzina lace linakometsanso nkhani yodulidwa ndi anthu ena, monga zinacitikira ndi Bosambo, ndipo ulendo uno sanaikane.

Mu 1958 bwalo lalikuru la milandu la America linagamula kuti boma liribe mphamvu yomana munthu pasipoti cifukwa ca maganizo ace, ndipo Robeson analandiranso yace patapita zaka zisanu ndi zitatu. Anapita ku England, naseweranso Othello ku Stratford mu 1959, ndipo mu 1960 anayimbira amisiri omanga nyumba yaikuru ya nyimbo ku Sydney, m'dziko la Australia. Koma thupi ndi mtima zinali zitatopa. Anadwala kwambiri mu 1961, nabwerera kwao mu 1963. Eslanda anamwalira mu 1965, ndipo Robeson anakhala zaka zace zotsiriza mwakacetecete m'nyumba ya mlongo wace ku Philadelphia, kumene anamwalira pa 23 January 1976, ali ndi zaka 77.

Osewera akuda amene anadza pambuyo pace, monga Sidney Poitier ndi Harry Belafonte, anamchula monga mkulu amene anawalambulira njira, ndipo iwo anafika pokana mbali zonyoza, napanga zithunzi zao-zao. Tsono inu omvera, tsiku lina mukadzakhala pamaso pa cinsaru coyera cija, yang'anani wosewera ndi kukondwera naye. Koma mufunsenso kuti anagwira lumo ndani, ndipo anataya ciani.