Thangata ndi Banja la Mwana Wakhanda ku Limbuli

Lero tikumbutsane za makolo athu a ku Limbuli, m'boma la Mulanje.

M'chaka cha 1891 Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje, ndipo minda ya Azungu inayamba kuchuluka. Cha m'ma 1900 Alomwe ambiri anaoloka mtsinje wa Muloza kuchokera ku Mozambique, nakhala pa malo a Azunguwo. Msonkho wa malowo unali thangata: mwamuna ankagwirira ntchito mwini malo mwezi umodzi kapena kuposerapo, makamaka nthawi ya dzinja.

Tsono taganizani za banja limene lalandira mwana pa nyengo yotere. Mwambo unali wakuti mayi akhale m'chikuta kufikira mchombo wa mwana utagwa, agogo akumtenthetsera madzi ndi kumphikira phala. Ntchito ya bambo inali kufolera nyumba, kutema nkhuni, kuluka mphasa ndi kupalira chimanga ndi nandolo. Koma kapitawo akaitana, zonsezi zinkaima. Mayi akangotuluka m'chikuta ankagwira khasu, mwana ali kumbuyo. Nyumba inkadontha, nkhokwe osadzaza, ndipo madzulo bambo ankabwera ali wotopa, osatha ngakhale kunyamula mwana wake.

Thangata linatha ndi lamulo la 1962, ndipo mwamuna anabwezeredwa masiku ake. Inu abambo, masiku amenewo musawathere ku mowa ndi pa bawo. Inu mafumu, mwana akabadwa m'mudzi mwanu, kaoneni ngati nyumba yafoleredwa mvula isanagwe, ndiponso ngati mayi ali naye womthandiza kumunda.