Mawu a ofufuza za mankhwala azitsamba ndi kulemera kwake

Ku Euthini, kwa Inkosi Chindi m'boma la Mzimba, wodwala amatha kupita kuchipatala, kwa sing'anga wa mizu, kapena kwa nchimi wochiza ndi ng'oma za vimbuza. Ophunzira alemba zambiri za njira zamakolozi, ndipo masiku ano timamva kawirikawiri kuti "kafukufuku wapeza". Koma kafukufuku ali ndi makwerero, ndipo tiyenera kudziwa khwerero limene wolembayo waimapo.

Loyamba ndi ethnobotany, kalembera wa zomera. Wofufuza amafunsa asing'anga dzina la mtengo, nthenda yake ndi kakonzedwe kake, kenako amaumitsa kanthambi n'kukasunga kumalo monga National Herbarium ku Zomba. Kanthambi koumako, kotchedwa voucher specimen, ndiko mboni, chifukwa dzina limodzi lakumudzi limatha kutchula mitengo iwiri yosiyana. Jessie Williamson anatsegula njirayi ndi buku la Useful Plants of Nyasaland mu 1955, ndipo Brian Morris anaikuza mu 1996 ndi Chewa Medical Botany. Kalembera amanena kuti anthu amamwa muwawani akamva malungo. Sanena kuti muwawani umachiza malungo.

Lachiwiri ndi in vitro, kuyesa madzi a makungwa kapena a mizu pa tizilombo m'mbale zagalasi. Pulofesa Jerome Msonthi wa ku Chancellor College anathera zaka zambiri akufufuza mphamvu zobisika m'zomera zathu, ndipo Journal of Ethnopharmacology, imene inayamba mu 1979, yadzaza ndi ntchito zamtunduwu zochokera ku Africa, makamaka ku South Africa ndi Nigeria. Apa ndi pamene owerenga ambiri amasokera. Chopha tizilombo m'mbale chingathenso kuwononga chiwindi kapena impso, ndipo mbale siuza munthu mlingo woyenera kumwa.

Lachitatu ndi clinical trial, kuyesa mankhwala pa odwala amene avomera okha, powagawa m'magulu kuti zotsatira zifaniziridwe. Ntchitoyi imadya ndalama zambiri, n'chifukwa chake zolemba zake n'zochepa. Mu 2020 Pulezidenti Andry Rajoelina wa ku Madagascar analengeza chakumwa cha Covid-Organics umboni wotere usanasindikizidwe, ndipo bungwe la WHO linaumirira kuti chiyesedwe kaye.

Tifunsenso kumene cholembacho chatulukira. Magazini odalirika, monga Malawi Medical Journal, amayamba apereka cholemba kwa akatswiri ena kuti achisefe. Ndiyo peer review. Alipo ena adyera pa intaneti amene amasindikiza chilichonse wolemba akangolipira.

Vimbuza sizilowa m'mbale yagalasi. Boston Soko ndi Steven Friedson anazifufuza pokhala pakati pa odwala ndi oimba ng'oma, ndipo UNESCO inazilemekeza mu 2005. Umboni wawo ndi wa mtundu wina, wofotokoza mmene mudzi umasenzera wovutika mumtima.

Mawu otsiriza ndi kugawana phindu. Pangano la Nagoya la mu 2010 limati eni nzeru apereke chilolezo ntchito isanayambe, ndipo phindu likapezeka alandireko. Kwa ine phindu loyamba ndi yankho lenilenilo. Sing'anga wa ku Euthini amene analoza mtengo ayenera kuuzidwa m'Chitumbuka ngati muzu wake wapezeka wothandiza kapena woopsa, pakuti mawa adzaupatsanso wodwala wina.