KUONA MASO A NKHONO

Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma munthu angadekhe bwanji pansi pa madzi, pamene mpweya wa m'botolo lake sukhalitsa? Mbiri ya kujambula zithunzi m'madzi ndi mbiri ya anthu ofuna kusiya diso pansi, iwo n'kukwera kumtunda. Mavuto awo akhala awiri: mphamvu yoyendetsera diso limenelo, ndi njira yolilamulira uli patali.

Mu 1893, Louis Boutan wa ku France anatsika ndi kamera m'bokosi lachitsulo ku Banyuls-sur-Mer. Kuwala kunali kochepa, motero chithunzi chimodzi chinkatha kumudyera mphindi 30. Pofika 1899 anapeza nzeru ina. Anatsitsa kamera yokha mamita 50, pamodzi ndi nyali za mabatire, ndipo anaitsegula ndi maginito a magetsi iye ali m'bwato. Kuyambira pamenepo wojambula sanafunikenso kunyowa.

M'zaka za m'ma 1950, Harold Edgerton wa ku MIT, pogwira ntchito ndi Jacques Cousteau pa sitima ya Calypso, anakonza nyali zong'anima ngati mphezi, zimene zimaunika kanthawi kochepetsetsa. Anamangiriranso ku kamera kachipangizo kotulutsa phokoso, kuti a m'sitima adziwe ngati yayandikira pansi. Mafunde a wailesi sapita patali m'madzi, koma phokoso limapita.

Nthambo yomangirira inali idakali msampha, pakuti sitima singaime malo amodzi chaka chathunthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a ku Britain anaidula. Kamera yawo, Bathysnap, inkasiyidwa pansi pa Atlantic ndi mabatire ndi wotchi yoidzutsa. Imajambula, n'kugonanso. Ikakwana nthawi, sitima inkatumiza phokoso, chitsulo cholemera n'kumasuka, kamera n'kuyandama. Zithunzi zake zinaonetsa kuti zinyenyeswa za tizomera ta pamwamba zimagwera pansi mochuluka pa nyengo yake, ndiye kuti ngakhale kumdima kuja kuli nyengo ya dzinthu ndi ya njala. Kufupi ndi California, pamalo otchedwa Station M, akuya pafupifupi mamita 4,000, ntchito yonga imeneyi inayamba mu 1989, kamera ikujambula ola lililonse.

Nanga kwathu kuno? Nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya pakati pa mtunda. Geoffrey Fryer anafufuza mbuna ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. Anthony Ribbink ndi anzake anadumphira m'madzi ndi mabotolo a mpweya, nasindikiza kaundula wa mbuna mu 1983. Anaona zambiri, koma wodumphira ndi mlendo: amacheza pang'ono n'kutsanzika.

Mu 2020, a ku Georgia Tech, mumzinda wa Atlanta, analengeza njira yoonerera nsomba za mitundu ya m'nyanja yathu masiku angapo osalekeza, zamphongo zikuunjika mchenga pokopa zazikazi. Anagwiritsa ntchito timakompyuta ta Raspberry Pi tolamulidwa kudzera pa intaneti. Koma nsombazo zinali m'mathanki, pafupi ndi magetsi a m'khoma. M'nyanja mwenimweni batire imatha, madzi amafunafuna polowera, ndipo ndere zimamera pa galasi.

Wina anganene kuti izi n'za anthu a kunyanja. Taganizani za Lizulu, pamwamba pa mapiri a Ntcheu, kumene alimi amadzaza msika ndi mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato. Mvula ikagwa pa minda yotsetsereka ya chigawo chimenechi, dothi limatsika, ndipo mitsinje monga Livulezi ndi Bwanje imalitengera kunyanja. Kumeneko matope amadetsa madzi ndi kukwirira ndere za pa miyala, chakudya cha mbuna. Mlimi wataya nthaka, nsomba yataya chakudya, ndipo palibe waona, chifukwa zimachitika pang'onopang'ono. Kamera yokhala pa mwala umodzi kuyambira mvula yoyamba mpaka masika ikhoza kuonetsa m'mphindi zochepa zimene zachitika m'miyezi isanu.

Tsono funso latsalira ife a pa sukulu pano. Dzuwa lodzazira batire tili nalo, timakompyuta tatchipa, nyanja ili pafupi. A sayansi ndi a uinjiniya, kodi diso lodekha limeneli tidzadikira kuti atiikire ndani?