Mbiri ya alovera wa m'mapiri mwathu

M'miyezi yachisanu, udzu ukauma, m'matanthwe a phiri la Zomba mumafiira maluwa a chomera cha masamba onenepa, aminga m'mbali. Ambiri timangoti ndi alovera. Koma alovera wogulitsidwa m'masitolo uja kwawo ndi ku Arabia. Wa m'mapiri mwathuyu ndi wachibale wake chabe, ndipo alipo wa mitundu yambiri.

Mmodzi mwa oyambirira pa kafukufuku wolembedwa wa zomerazi adali John Buchanan, mlimi wa ku Scotland amene adafika ku Mishoni ya Blantyre mu 1876, kenako n'kukhazikika ku Zomba. Iyeyu ankatola zomera, kuziumitsa pakati pa mapepala n'kuzitumiza kumunda wa zomera wa Kew, ku London. Mu 1895 katswiri wa kumeneko, J. G. Baker, adatcha chimodzi mwa izo Aloe buchananii. Buchanan adamwalira chaka chotsatira ku Chinde, ali pa ulendo wobwerera kwawo.

Ntchitoyi inkafuna kufatsa. Chomera chimene Kenneth Cameron wa African Lakes Corporation adatumiza ku Kew mu 1894 chidakhala osachita maluwa mpaka 1903, ndipo popanda duwa akatswiri sakadatsimikiza mtundu wake. Chaka chimenecho ndiye adachitcha Aloe cameronii. Masamba ake amasanduka ofiirira ngati mkuwa dzuwa likaswa mtengo m'chilimwe, n'chifukwa chake lero amachibzala m'minda ya maluwa kutali ngati ku California.

Pambuyo pake udindo udasamukira kum'mwera kuno. Harold Basil Christian, mwini munda wa Ewanrigg pafupi ndi Harare, adafotokoza Aloe mawii wa pa phiri la Zomba mu 1940, ndipo Aloe mzimbana adatenga dzina la Mzimba. Gilbert Reynolds, dokotala wa magalasi a maso wa ku South Africa, adayenda m'dziko muno n'kutulutsa kabuku ka The Aloes of Nyasaland mu 1954, kenako buku lalikulu la alovera wa ku Africa yotentha ndi Madagascar mu 1966.

Chimene chimandiwawa n'chakuti amene ankalondolera alendowa m'matanthwe, n'kusenza mitolo ya zomerazo, saoneka m'maina amenewa. Chonsecho kumudzi chomerachi ankachidziwa kale. Mpaka lero amayi amadula tsamba, kulinyenya m'madzi akumwa a nkhuku chitopa chikamveka, ngakhale alangizi amanenetsa kuti chotetezadi ndi katemera.

Mu 1987 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, likulu lake ku Zomba, lomwe limasunga zomera zoumitsa kuti wofufuza asamachite kupita ku London. Ndipo ntchito siidathe: Stewart Lane adafotokoza mtundu watsopano, Aloe canis, mu 2001, asadatulutse buku lake la A Field Guide to the Aloes of Malawi mu 2004.