Mabuku a Milandu ndi Mbiri ya Matchona a ku Torwood

Munthu wofuna kulondola mbiri ya Torwood, komboni imene inamangidwira antchito akuda a fakitale ya zitsulo ya RISCO ku Redcliff, pafupi ndi Kwekwe, adzapeza kuti za ng'anjo ndi za phindu la kampani zinalembedwa mosamala chiyambire 1948 pamene chitsulo chinayamba kusungunulidwa kumeneko, koma za anthu amene anakhetsa thukuta lawo pamotopo, ambiri a iwo matchona ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, zinalembedwa mwa apo ndi apo. Makolo athuwo sanasiye makalata ambiri. Komatu akulu anati mlandu suwola, ndipo m'mabuku a kubwalo la milandu ndimo mmene wofufuza ayenera kuyamba kuwafunafuna.

M'masiku a atsamunda, milandu ya pakati pa anthu akuda yokhudza ngongole, ukwati, ana ndi chuma cha masiye inkazengedwa ndi Native Commissioner. Ndipo ngakhale lamulo la 1937 linapatsa mafumu ena mphamvu yoweruza, mlendo wa pamgodi, amene mfumu yake inatsala kutsidya kwa Zambezi, ankagwadabe pamaso pa Mzunguyo. Kalaliki ankatsegula chibuku chachikuto cholimba, chojambulidwa mizere, nalemba nambala ya mlandu, tsiku, dzina la wodandaula, dzina la wodandaulidwa, chimene akulimbirana, chigamulo, ndi mashereni amene aperekedwa. Mzere umodzi wokha sunena zambiri; koma wowerenga akaunjika mizere ya zaka makumi awiri, amayamba kuona miyezi imene ngongole zinkachuluka, mtengo wa njinga kapena makina osokera, ndiponso kuchuluka kwa akazi amene analimba mtima kusumira amuna awo.

Nkhani imene imandikhudza koposa ndi ya ana. Mchewa kapena Myao anakulira m'mwambo wa chikamwini, mmene ana ali a kuchikazi ndipo mwini mbumba ndi malume. Koma pofika ku Rhodesia anakwatira mwana wa Mshona kapena wa Mndebele, kumene mwamuna amapereka malowolo ndipo ana amakhala ake pokhapokha ng'ombe zitapita. Ukwati wotere ukasokonekera, kapena mwamuna akafuna kubwerera kwawo ndi ana, funso linali lakuti mwambo wa yani ugwire ntchito, ndipo woyankha anali munthu wachilendo ku miyambo yonse iwiri, womva nkhani kudzera mwa womasulira.

Akatswiri a mbiri anaona kale kulemera kwa zolembedwa zotere. Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, anafotokoza moyo wa m'makomboni a migodi ya ku Southern Rhodesia. Diana Jeater mu 1993 anagwiritsa ntchito milandu ya m'boma la Gwelo (lero Gweru), loyandikana ndi Kwekwe, poonetsa mmene atsamunda anasinthira maganizo a anthu pa ukwati ndi chigololo. Ndipo Martin Chanock mu 1985, polemba za Malawi ndi Zambia, anatsutsa ganizo lakuti lamulo lachikhalidwe ndi lamakedzana losasinthika, nati mbali yaikulu ya ilo inaumbidwa m'mabwalo momwemo, akuluakulu aamuna ndi atsamunda akuthandizana. Chenjezo limeneli nlofunika, pakuti mawu a wodandaula anafika papepala atadutsa pakamwa pa womasulira ndi m'cholembera cha kalaliki, mayina atapotozedwa, ndipo amene milandu yawo inathera kwa akulu a mpingo, a mzikiti kapena a bungwe la maliro salembedwamo konse.

Ufulu utabwera, lamulo la 1981 linachotsa milanduyi m'manja mwa ma Commissioner. Mabuku akale amene anapulumuka chiswe ndi chinyezi ali m'manja mwa National Archives of Zimbabwe, yokhazikitsidwa mu 1935, yomwe ili ndi nthambi ku Gweru. Ng'anjo za RISCO, imene pambuyo pake inatchedwa ZISCO, zinazima mu 2008, ndipo nkhalamba zodziwa mudzi ndi mfumu ya kwawo zikutha. Adzukulu awo, amene lamulo la 2001 linawasandutsa alendo m'dziko lobadwira kufikira malamulo atsopano a 2013, akufunika thandizo la masukulu aukachenjede a ku Zomba ndi ku Gweru kuti mabukuwo ajambulidwe ndi kulembedwa mndandanda wa mayina mapepala asanafumbwe.