Mologa, Boma Limene Linamira

Usiku uno ndifuna kukusimbirani mbiri ya boma lina la ku Russia, dzina lace Mologa, limene lero simungalipeze pa mapu.

Boma limeneli linali m'cigawo ca Yaroslavl, kumpoto kwa Moscow, pamene mtsinje wa Mologa umathira mu Volga. Dziko lace linali lacidikha. Caka ndi caka nyengo yozizira ikatha, mitsinje inali kusefukira ndi kusiya nthaka yaconde m'madambo. Anthu ambiri anali alimi a kumidzi, oweta ng'ombe zamkaka ndi kumweta udzu wozidyetsa m'miyezi yacisanu.

M'caka ca 1777, mu ufumu wa Catherine II, mudzi wa Mologa unasanduka likulu la boma. Mudzi uli wonse unali ndi msonkhano wa eni mabanja umene unali kusankha mkulu wace. Lamulo la 1864 linabweretsa makhonsolo osankhidwa, ochedwa zemstvo, amene anali kusonkhetsa msonkho ndi kuyang'anira masukulu, zipatala ndi miseu. Makhonsolowa anathetsedwa mu 1918, ndipo m'malo mwace munalowa ma soviet, amene anali kumvera cipani colamula.

Mu 1935 boma la Stalin linalamula kuti atseke Volga pafupi ndi Rybinsk kuti apeze magetsi. Poyamba anapangana kuti madzi afike mamita 98 pamwamba pa nyanja yamcere, koma mu 1937 anakweza muyesowo kufika 102. Mamita anai amenewo ndiwo anatha Mologa. Mlanduwo unaweruzidwa ku Moscow, ndipo eni dziko analibe bwalo lokadandaulirako. Nchito yambiri yomanga anaigwira akaidi.

Anthu okwana ngati 130,000, a m'boma limeneli ndi a m'maboma oyandikana nalo, anasamutsidwa. Ena anaphwasula nyumba zao zamitengo, nazimanga ngati phaka, naziyandamitsa pa Volga kunka ku Rybinsk. Boma la Mologa linafafanizidwa mu 1940. Madzi anayamba kukwera mu April 1941, ndipo nyanja inadzala mu 1947.

Ife a kuno nkhani yotere sitiimva ngati yacilendo. Pomanga Kariba, Atonga okwana ngati 57,000 anacotsedwa m'cigwa ca Zambezi, nasiya minda ndi manda a makolo ao. Magetsi anapita kumatauni ndi kumigodi, koma mtengo wace unagwera anthu a kumidzi.

Mu 2014 madzi a nyanja ya Rybinsk anaphwa kwambiri, ndipo maziko a nyumba ndi miyala ya m'miseu ya Mologa zinaonekanso. Ana ndi adzukulu a osamutsidwa aja anapitako pa ngalawa, nayenda pamene panali makomo a makolo ao.