Kathabwa ka agogo ndi maso a m'chigwa cha Bwanje

Agogo aamuna atatisiya, tidatsikira ku Bwanje kukalongosola katundu wawo. M'sutikesi ya malata, pansi pa makhadi akale a msonkho ndi malisiti ofumbwa, mudatuluka kathabwa kakang'ono koboolaboola timabowo m'mizeremizere. Ife ana a m'tauni tidangoti ndi bawo ya ana. Malume adaseka mpaka kupukuta misozi. "Bawo yake iti? Amenewo ndi maso a agogo anu. Thonje lonse limene lidalipira fizi ya mayi anu lidayamba ladutsa pa kathabwa kameneko."

Kuyambira tsikulo ndakhala ndikufufuza mbiri ya kathabwako, ndipo kanditengera kutali. Mbiri ya chigwa cha Bwanje timakonda kuinena potchula mafumu, njanji ndi mitengo ya mbewu. Ilinso ndi mbali ina imene siikambidwa kawirikawiri, ya tizilombo ting'onoting'ono ndi anthu amene adaphunzira kutisiyanitsa ndi maso.

Amene mudayendapo pa msewu wochokera ku Balaka kulowera ku Salima mukuchidziwa chigwachi. Mukadutsa pa Bilila ndi Sharpevale, mapiri a Ntcheu amakhala kumanzere, ataima ngati khoma. Pamwamba pake n'kozizira, kwawo kwa Angoni a Maseko ndi ng'ombe zawo. Kumunsi kuno n'kotentha, dothi lake lachonde, ndipo kalelo kudali tchire lambiri. Tchire lotere ndilo limakonda kashembe.

Makolo athu kashembe adamudziwa kale, Mzungu asadabwere ndi galasi lake. Ankadziwa kuti ng'ombe ikalowa m'dera la ntchentche imeneyi imayamba kuonda, ubweya kuyimirira, mapeto ake n'kufa. Matenda amene imapatsa munthu adawatcha kaodzera, chifukwa wodwala amangosinza ngakhale dzuwa lili paliwombo. Chimene sayansi idawonjezera ndi kufotokoza njira yake. Mu 1895, ku Zululand, dokotala wa asilikali David Bruce adaonetsa kuti chimapha ng'ombe ndi kachilombo ka m'magazi, ndipo kashembe ndi mtengatenga chabe, wokatenga kwa nyama zakutchire. Mu 1910 akatswiri awiri, Stephens ndi Fantham, adapeza mtundu wina wa kachilomboka m'magazi a munthu amene adadwalira m'chigwa cha Luangwa, naupatsa dzina loti rhodesiense. Ndiwo mtundu umene umadwalitsa anthu kuno kwathu, ndipo umapha msanga, m'miyezi yochepa.

Nthawi imeneyo kashembe adali pa ulendo wofalikira. Mliri wa rinderpest wa m'ma 1890 udapululutsa ng'ombe ndi nyama zakutchire, ntchentcheyo n'kuchepa. Nyama zitayambanso kuswana, iyo idabwerera ndi mphamvu, n'kumatsata zigwa za m'mbali mwa nyanja ndi za mtsinje wa Shire. Boma la atsamunda lidachita mantha. Kuyambira 1911 mpaka 1914 Bruce yemwe uja adali kuno ku Nyasaland, atamanga msasa pa phiri la Kasu, akutsogolera gulu lofufuza za kaodzera. Pambuyo pake kudabwera W. A. Lamborn, amene adakhala zaka zambiri ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, akulondola moyo wa ntchentcheyi. M'ma 1920 adayesa ngakhale kuweta timavu ting'onoting'ono toti tizikaononga ana ake m'dothi.

Ntchito yonseyi idatsamira pa chinthu chimodzi: kudziwa kuti iyi ndi kashembe, iyi ndi ntchentche wamba. Ntchentche zoluma ng'ombe zilipo zambiri, ndipo kulakwitsa kukadatanthauza kutsekera anthu njira popanda chifukwa, kapena kulowetsa ng'ombe m'dera la imfa. Zizindikiro zake n'zitatu. Kashembe akatera amapinda mapiko limodzi pamwamba pa linzake ngati sizasi yotseka, pamene ntchentche ya m'nyumba imawasiya otambalala pang'ono. Mlomo wake woboolera umaloza kutsogolo ngati singano. Ndipo ukaunika phiko lake padzuwa, pakati pa timitsempha take pali kachigawo kooneka ngati mutu wa nkhwangwa. Palibe ntchentche ina ili ndi nkhwangwa imeneyo. N'chodabwitsanso kuti kashembe saikira mazira. Amabereka mphutsi imodzi yokhwima kale, pafupifupi masiku 10 aliwonse, ndipo mphutsiyo imalowa m'dothi la pamthunzi nthawi yomweyo.

Amene ankayenda m'tchire ndi timaukonde, kugwira ntchentchezi ndi kuziwerenga, amuna padera akazi padera, adali anyamata akuda. Azungu ankangowatchula kuti fly boys. Malipoti adatuluka ndi mayina a mabwana, koma maso amene adaona nkhwangwa zija zikwizikwi adali a ana a m'midzi. Lero kashembe watsalira makamaka m'mbali mwa nkhalango zotetezedwa monga Kasungu, Nkhotakota, Vwaza ndi Liwonde, komwe mumaona nsalu zabuluu ndi zakuda zomukopera ku mankhwala. M'zigwa zambiri adathawa khasu, chifukwa anthu atachuluka tchire lidasanduka minda.

Khasu lidabwera ndi mdani wina. Njanji yochokera ku Blantyre itafika ku Salima mu 1935, kudutsa m'chigwa chomwechi, thonje lidapeza njira yopitira ku msika. Koma thonje lili ndi alendo ake osaitanidwa, ndipo oopsa kwambiri ndi mbozi ziwiri zoboola nthumba zake. Yoyamba ndi mbozi yofiira, Diparopsis castanea, imene sidziwa chakudya china koma thonje ndi abale ake akutchire. Ndicho chifukwa chake padali lamulo lozula ndi kutentha mapesi a thonje mukatha kukolola, kuti isowe pogwira. Yachiwiri ndi Helicoverpa armigera, yosasankha, yodya chimanga, nandolo ndi matimati omwe.

Apa ndi pamene kathabwa ka agogo kakulowera. M'ma 1960 akatswiri a tizilombo, mwa iwo Tunstall ndi Matthews, amene ntchito yawo idafikanso ku Makoka m'boma la Zomba, adaona kuti mankhwala amodzi sagwira mbozi zonse mofanana. Yofiira ija inkagonja ku carbaryl, amene alimi ankamudziwa ndi dzina loti Sevin. Inayo inkafuna DDT, mankhwala amene pambuyo pake adaletsedwa m'minda. Nsabwe za m'masamba nazo zidali ndi akeake. Tsono mlimi wothira asadayang'ane ankangotaya ndalama. Ndipo poti mbozi ikalowa m'nthumba mankhwala saipezanso, pankafunika kuizindikira ikadali dzira.

Taganizani, owerenga, dzira lochepa kuposa mutu wa phini. La mbozi yofiira limakhala lobiriwira ngati thambo. La inzake limakhala loyererako ngati mkaka, lokhala ndi timizere. Kambozi kofiira kakamakula kamaonetsa pamsana zizindikiro zofiira ngati nsonga za mivi. Mlimi ankayenda chopingasa m'munda, kuima pa tsinde ili ndi ilo, kutembenuza masamba, kusuzumira m'maluwa. Vuto lidali lakuti ambiri sankadziwa kulemba. Yankho lake lidapezeka konkuno ku Malawi, ndipo mu 1972 P. Beeden adalifotokoza m'magazini ya akatswiri: kathabwa ka timabowo, mzere uliwonse wa kachilombo kake. Ukapeza dzira, usuntha kamtengo bowo limodzi. Kamtengo kakafika pa malire oikika, ndiye nthawi yothira yakwana, ndipo mzerewo ukuuza mankhwala ake. Kakapanda kufika, sunga ndalama zako. Nzeru imeneyi idatengedwa ndi maiko ena olima thonje mu Africa muno.

Malume akuti agogo ankalawirira mame asadakamuke, kathabwa m'manja, osalankhula ndi munthu. Mwana akawatsata ankamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankaletsanso kupha kachikumbu kofiira ka madontho akuda, pamodzi ndi ana ake ooneka ngati ting'ona takuda. "Awa ndi aganyu anga," ankatero, chifukwa ndi amene amadya nsabwe za m'masamba. Sukulu adalekeza Sitandade 2, koma m'munda adali dokotala.

Kudziwa kotereku sikudayambe ndi alangizi. Chichewa chili ndi mayina a tizilombo ochuluka zedi, ndipo Brian Morris adalembapo ambiri m'buku lake la mu 2004 lonena za tizilombo ndi moyo wa anthu m'Malawi. Mwana wa kumudzi amadziwa kuti bwanoni ndi ndiwo, pamene nunkhadala, ngakhale avale mawangamawanga okongola, ndi wonunkha ndipo amamaliza chinangwa. Amasiyanitsa ngumbi ndi mafulufute, nkhululu ndi dzombe, tsokonombwe ndi mwala umene wakhalapo. Alangizi adangopeza maso ophunzira kale, iwo n'kuwalozera koyang'ana.

Mayeso atsopano adafika mu nyengo ya 2016 mpaka 2017, pamene mbozi yachilendo yochokera ku America idalowa m'chimanga chathu. Ambiri poyamba adaiyesa kapuchi wa masiku onse. Ena adati ndi ntchemberezandonda zakale zija, zoyenda chigulugulu n'kutha patapita masabata. Iyi sidali yodutsa. Imabisala mu mtima wa chimanga, kusiya masamba obookabooka ndi ndowe zonga utuchi. Pofika Disembala 2017 boma lidalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi. Nayonso ili ndi chidindo chake: pamutu pali chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda toima ngati ngodya za bokosi. Alimi ena amene adadekha n'kuyang'ana adaona kuti nyerere zimaigwira, nayamba kuthira msuzi wa usipa m'chimanga kuti aziitane. Ena amathira dothi kapena phulusa mu mtima muja.

Nanga lero tili pati? Thonje la Bt, limene lidayamba kulimidwa kuno cha m'ma 2019, limadziteteza ku mbozi zoboola nthumba, koma nsabwe ndi tizilombo tina toyamwa timadzi sitiliopa. Kuyang'ana kukufunikabe. Chondidetsa nkhawa n'chimene ndidaona pa msika wina m'chigwamo. Mnyamata adafika pa benchi ya mankhwala nati m'munda mwake mwagwa "tizilombo". Wogulitsa sadafunse mtundu, sadafunse kuchuluka. Adangomupatsa kabotolo kopanda ndi pepala lomwe, nati, "Awa amapha chilichonse, bwana." Chilichonse ndiye kuti njuchi, nyerere ndi aganyu a agogo aja. Chaka chamawa mbozi zidzabwera kopanda wozidya, ndipo mnyamatayo adzagula mabotolo awiri.

Ife a m'tauni tisadzipatule pa nkhaniyi. Matimati ndi masamba a m'misika yathu amachokera m'minda yomweyo, ndipo chimene chathiridwa mosayang'ana chimathera m'mbale zathu. Tikapita kumudzi timaseka nkhalamba yowerama pa tsamba, pamene ife sitingasiyanitse njuchi ndi ntchentche yovala ngati njuchi.

Kathabwa kaja sindidabwere nako ku tauni. Ndidakasiyira mwana wa malume, mtsikana wa Fomu 2 amene amalima kagawo kake ka thonje kuseri kwa nyumba. M'mawa wa tsiku lonyamuka ndidamupeza m'munda ndi bambo ake, atagwada, tsamba lili m'manja. "Ababa, ili ndi lobiriwira kapena loyera?" Malume adapukuta magalasi, nawerama pambali pake. Basi yanga idandisiya, ndidakwera ya masana.